Lachinayi Limene Ndinapemphera Osatsinzina

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ndikayamba ndi nkhani ndikhoza kuiwala Mwini nkhaniyo. Ndikuthokoza Mulungu amene amadziwa chiwerengero cha tsitsi la m'mutu mwathu, amene anawerenga ngakhale lija linathothoka m'mutu mwa mwana wanga n'kutsalira pa pilo. Moni kwa inu nonse, abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a kuno ku Chelstone ndi a kutali. Ambiri mwakhala mukundifunsa za Mapalo, mwana wathu wamkazi, amene anapezeka ndi chotupa mu ubongo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndakhala ndikungoyankha kuti Ambuye anatichitira chifundo. Lero ndifotokoza mmene anachitira, ngakhale kuti m'nkhaniyi muli mbali imene imandichititsa manyazi.

Zinayamba ndi kusanza m'mamawa. Mwana ankadzuka atagwira mutu, n'kusanza, kenako n'kukhala bwino n'kupita kusukulu. Tinamumwetsa mankhwala a malungo kawiri. Aphunzitsi ake ndiwo anatiitana n'kutiuza kuti Mapalo akamayenda amapendekera mbali imodzi ngati wanyamula ndowa yodzaza, ndiponso kuti diso lake lina layamba kuyang'ana mphuno. Ku chipatala chachikulu m'tauni anamujambula m'mutu. Dokotala anaika chithunzicho pa galasi lowala n'kutilozera chinthu choyera chonga dzira la nkhunda. Anatchula dzina la matendawo, ndipo ine ndinangomva liwu limodzi, khansa.

Titatuluka panja, bambo ake a mwana anandiuza kuti nkhaniyi ikhale ya m'nyumba. Iwo kwawo ndi ku Luapula, ine kwathu ndi ku Katete, koma pa chinthu ichi kwathu n'kumodzi: anthu akamva dzina la matenda amenewo amayamba kukupatsa moni wa pamaliro, ndipo achibale amayamba kufunafuna amene walodza. Ndinavomera. Kutchalitchi tinangonena kuti mwana mutu ukumuvuta.

Opaleshoni inachotsa mbali yaikulu ya chotupacho. Kachidutswa kotsalako kanali pamalo pamene mpeni sungafike, ndiye anati kawotchedwe ndi makina, tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata asanu ndi limodzi. Pa makinawo mwana amagona chagada, mutu wake utatsekeredwa m'chigoba chobowokabowoka ngati sefa, ndipo sayenera kugwedezeka ngakhale pang'ono. Koma Mapalo atachoka ku opaleshoni anayamba kugwa khunyu. Anamupatsa mankhwala a mtundu umodzi, anawonjezera wachiwiri, kenako wachitatu. Mwana anangokhala watulo, koma kugwako osaleka. Dokotala anatiuza mosabisa kuti tsiku limene wagwa sangamugoneke pa makina, komanso kuti kachidutswa kaja sikadzatidikira.

Apa m'pamene anatitumiza kwa a Namukolo, mayi wachitsikana woona za kadyedwe ka odwala. Anatifotokozera kuti thupi limayendera shuga wochokera mu nsima, mpunga, buledi ndi mbatata. Likamanidwa zimenezo n'kupatsidwa mafuta ambiri, limayamba kuwotcha mafutawo n'kupanga tinthu totchedwa maketoni, ndipo ubongo umadya timeneto. Kwa ana ena, ubongo ukamadya chakudya chimenecho khunyu limachepa. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kawiri kuti ichi si mankhwala a chotupa, kuti ophunzira akadafufuza ngati chimathandiza pa chotupa chenichenicho, ndipo kuti ife tikuchifuna kuti mwana athe kugona phee pa makina. Anatigoneka m'chipatala masiku angapo poyambitsa. Potuluka ndinanyamula sikelo yaing'ono, kope, ndi kabotolo ka timapepala toviika mu mkodzo. Kapepala kakasanduka kachibakuwa ndiye kuti maketoni alipo. Kakangotuwa ndiye kuti shuga walowa penapake.

Abale anga, sindinadziwe kuti shuga amabisala m'malo ambiri chonchi. Mankhwala amadzi anawasintha n'kutipatsa mapiritsi. Ngakhale mankhwala otsukira mano tinachita kufunsa. Chakudya cha Mapalo chinali dzira lokazinga ndi batala, kotapela, amene ena mumati mapeyala, khungu la nkhuku, kansomba, ndi masamba a chibwabwa osambira m'mafuta, chilichonse choyezedwa pa sikelo mpaka pa galamu. Bambo ake ankadyera nsima kuseri kwa nyumba ataimirira ngati wakuba. Mwana ankamva fungo n'kuyamba kulira. Mawu a Mulungu amafunsa ngati lilipo kholo limene mwana wake atapempha mkate lingamupatse mwala. Ine ndinali kholo limenelo. Mwana wanga ankapempha buledi, ine n'kumutambasulira supuni ya mafuta. Ndinkalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti asamve kulira kwanga.

Komabe kapepala kanada. Patapita masiku, kugwa kuja kunayamba kutalikirana, ndipo makina anayamba. Lolemba anagona bwino, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Lachisanu m'mawa kapepala kanatuwa, ndipo tili pa mzere wa magalimoto pa msewu wa Great East mwana anauma thupi m'manja mwanga. Tsiku limenelo linapita pachabe. Sabata yachiwiri zinachitika chimodzimodzi, Lachisanu lomwelo. Dokotala anati masiku odumphawa akupatsa chotupa mpata wopuma, ndipo zikapitirira adzakhala pansi n'kuganizanso ngati makinawo apitirire. Panalinso vuto lina. Mapalo anali atatopa ndi mafuta, akufunya milomo pa supuni, ndipo thupi linali kutsika. A Namukolo anati akatsikanso, chakudyachi tichisiya. Ndinadziwa tanthauzo lake. Kusiya chakudya kunali kubwerera ku khunyu, ndipo khunyu linali kutseka chitseko cha makina.

A Namukolo anatsegula kope langa, nayendetsa chala pa masiku.

"Amake Mapalo, pa Chinayi kumachitika chani kunyumba kwanu?"

"Kumabwela chabe azimai a kuchalichi kupemphela," ndinayankha.

"Ndiye pali wina amene apemphela na shuga," anatero akumwetulira.

Ine sindinaseke. Amayi a mpingo wathu amakumana Lachinayi masana, ndipo akaweruka amapita kukazonda odwala. Chiyambireni matendawa ankabwera kwathu sabata iliyonse atavala yunifomu, akuimba kuyambira pageti. Kwathu munthu sazonda wodwala chimanjamanja, ndiye ankabwera ndi nthochi, mabanzi, maheu ndi zakumwa zotsekemera. Ine ndinkalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kukabisa zonse pamwamba pa kabati, ndikungonena kuti adokotala analetsa. Sindinafotokozepo china. Madzulo ndinamufunsa Mapalo ngati pali amene amamupatsa kanthu. Anatembenukira kukhoma.

Lachitatu lotsatira, ndili pa benchi kunja kwa chipinda cha makina, ndinapemphera pemphero laukali. Ndinati, Ambuye, ndionetseni mdani amene walowa m'nyumba mwanga, ndipo mukandionetsa mumuchotse. Ndinapemphera mawu amenewo ndi mtima wonse. Ndikuwalemba pano kuti muone mmene Mulungu amayankhira pemphero lopotoka ndi yankho lowongoka.

Lachinayi anabwera monga mwa masiku onse. Mapalo anali atagona pa sofa atafunda bulangete, ndipo amayi anakhala pansi mozungulira. Pafupi ndi mutu wake panagwada bana Mulenga, monga ankachitira nthawi zonse. Bana Mulenga ndi mayi wachikulire wochokera ku Copperbelt, wamasiye, amene amakazinga vitumbuwa pa msika wa Chelstone. Aliyense wotsika minibasi m'mawa amawadziwa. Titaimba, mtsogoleri anati tipemphere, ndipo onse anatsinzina. Ine chibadwire sindinapempherepo maso ali otsegula. Tsiku limenelo ndinaweramitsa mutu koma sindinatsinzine.

Choyamba chimene ndinaona chinandichititsa mantha oyera. Ndinaona nkhope za amayi akamapemphera, zimene munthu suziona chifukwa nawenso umakhala utatsinzina. Wina misozi inali kutsika mpaka pachibwano. Wina milomo inali kutchula dzina la mwana wanga mobwerezabwereza. Ndinaganiza kuti izi ndi zimene Mulungu amaona Lachinayi lililonse. Kenako ndinaona dzanja la bana Mulenga likulowa m'chitenje chawo, pakamwa pakupempherabe m'Chibemba osaphonya liwu. Linatuluka ndi chitumbuwa chokulungidwa m'kapepala konyowa mafuta n'kulowa pansi pa bulangete. Ndipo kadzanja ka mwana wanga kanali kale pomwepo kakudikira.

Ndinadumpha miyendo ya anthu n'kuwagwira pamkono. Pemphero linadukira pakati.

"Bana Mulenga, muchita chani?"

"Nidyesa mwana," anayankha osanjenjemera. "Imwe mwamusiya na njala. Manje popeza mwanigwila, tiuzeni pamenso pa azimai aba, ni ng'anga iti inakupasani malamulo. Nsima asadye, shuga asalawe, mafuta chabe. Mkodzo wa mwana mutapa mu kapu mamawa uliwonse, ba neba bamakuonani. Na motoka yabwela mwezi wamene mwana adwala. Ise sindise ana, bana Mapalo."

Palibe amene anawatsutsa. Ndinayang'ana nkhope zija imodziimodzi ndipo zonse zinayang'ana pansi. Ndinazindikira kuti mpingo wonse unkaganiza kuti tapereka mwana wathu kuti tilemere. Galimoto imene ankanenayo inali yakale, imene tinagula kuti mwana wodwala khunyu asamapanikizike mu minibasi tsiku lililonse.

Kenako bana Mulenga anayamba kufotokoza, mawu atatsika. Anati ali ku Mufulira anali ndi mwana wamkazi dzina lake Bwalya. Atadwala, akuchimuna anamutengera kwa sing'anga, amene analamula kuti asadye ichi, asadye icho, ndipo kuchipatala asapite. Iwo anali mkazi wamng'ono, anamvera n'kukhala chete. Tsiku lomaliza mwanayo anawapempha chitumbuwa chimodzi pa vimene ankakazinga zogulitsa, iwo n'kumukaniza. Anati atamuika m'manda analumbira pamaso pa Mulungu kuti mwana sadzapemphanso chakudya iwo akumva n'kumanidwa chifukwa cha malamulo a mumdima. Ndipo Mapalo anawanong'oneza tsiku lina kuti ali ndi njala ya chitumbuwa.

Mkwiyo wanga unagwa pansi ngati nsalu. Ndinali nditapempha kuona mdani, ndipo ndinamuona, koma sanali mayi amene ndinamugwira pamkono. Mdani anali chinsinsi chathu. Kwathu kuno, amene amaletsa wodwala zakudya popanda kufotokoza ndi sing'anga. Ine ndinawapatsa anthu mdima, n'kumadabwa kuti akuonamo mizukwa. Ndinalowa kuchipinda n'kutulutsa envelopu yaikulu pansi pa matiresi. Ndinakweza chithunzi cha mutu wa mwana wanga pawindo kuti dzuwa liwale kuseri kwake, ndinaloza dzira la nkhunda lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatchula dzina la matendawo mokweza m'nyumba mwanga. Ndinawaonetsa sikelo, timapepala, ndi kope pamene panali Lachisanu awiri olembedwa ndi inki yofiira. Bana Mulenga anayang'ana masiku awiriwo nthawi yaitali. Kenako anatenga chitumbuwa chija pansi pa bulangete n'kuchibwezera m'chitenje, mwana akulira.

Bambo ake a Mapalo pochokera ku ntchito anapeza chithunzi chili patebulo. Nditawauza zonse anakhala pansi osavula nsapato. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Anangoti, "Wachita bwino. Nenze nalema nacho."

M'mawa mwake kapepala kanali kachibakuwa, Lachisanu loyamba kutero chiyambireni makina. Ndikutsegula geti ndinapeza bana Mulenga ataima panja atavala chitenje chatsopano. Sanakoleze mbaula tsiku limenelo, chinthu chimene a pamsika amati sichinachitikepo. Anakwera kumbuyo kwa galimoto yomweyo imene anaiimba mlandu. Kuchipatala anesi anawalola kuima nane pamene timaonera mwana pa kanema. Anaona Mapalo akugona yekhayekha m'chipinda chachikulu chozizira, chigoba chikutsekedwa pankhope pake, iye ali phee ngati mwana wa nkhosa. Anangoti "Mayo," n'kugwira pakamwa mpaka makina anazima.

Titalowa kwa a Namukolo ndinaganiza kuti bana Mulenga apepesa. M'malo mwake anafunsa funso limene ine sindinaliganizepo pa masabata onsewo.

"Ba sista, vamene muletsa namvela. Manje niuzeni vamene mulola."

A Namukolo anawawerengera: mazira, mafuta ophikira, batala, kirimu, nthanga za maungu, ndi nshawa (mtedza) pang'ono. Bana Mulenga ankapinda chala pa chilichonse. Atafika pa chala chachisanu ndi chimodzi anayang'ana manja awo.

"Ivo ni vitumbuwa," anatero. "Chasala chabe ni manja."

Loweruka anafika ndi kamtondo kawo. Anasinja nthanga ndi nshawa mpaka kukhala ufa, anaswera dzira, anathira kirimu. Chitumbuwa choyamba chinaphwasukira m'mafuta. Chachiwiri chinauma ngati mwala, ndipo bambo a Mapalo atalawa anati chingathandize pomanga mpanda. Mayi amene anakazinga zaka makumi anayi akuyeza ndi maso anakhala pa tebulo langa atavala magalasi, akuchotsa ufa ndi nsonga ya mpeni kuti nambala ikwane, akudandaula kuti sikelo iyi ilibe ulemu kwa akulu. Lolemba tinanyamula chachitatu limodzi ndi pepala la muyezo wake. A Namukolo anawerengera, anachepetsa nshawa, anawonjezera batala, n'kuvomereza kuti chikhoza kulowa m'malo mwa chakudya chimodzi pa tsiku.

Sindidzaiwala mmene Mapalo anachilandirira. Anachinunkhiza, anayang'ana ine, anayang'ana bana Mulenga, n'kuluma.

"Sichokoma monga chija," anatero. Anatafuna, nameza. "Chilipo china?"

Ndinatuluka panja n'kukagwada pafupi ndi mpopi. Ndinkangoganiza kuti dzanja lomwelo limene linatsala pang'ono kutseka chitseko cha makina ndi limene Mulungu anali atalikonza zaka makumi anayi pa mafuta otentha, kuyambira pa manda a ku Mufulira, kuti lidzadyetse mwana wanga. Ine ndinapempha kuti alichotse. Akanandimvera monga ndinanenera, ndikanathamangitsa mthandizi wanga ndekha.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse bana Mulenga ankaima pageti ngati msilikali n'kumasecha zikwama. Sankaopa nkhope ya munthu. Amayi busa atabwera ndi nthochi anawauza kuti, "Izi mukadye na abusa, kuno tilandila mazila." Amayi anayamba kubwera ndi mazira, kotapela wa m'mayadi mwawo, nthanga zoyanika. Wina wa ku Kabwata amene sindinkamudziwa n'komwe anatumiza botolo la mafuta kudzera mwa mchemwali wake. Ndinakumbukira mkazi wamasiye uja wa m'Malemba amene nsupa yake sinaphwe m'masiku a chilala. Beseni langa la mazira silinaonetse pansi pake mpaka tsiku lomaliza. Thupi la mwana linaleka kutsika. Anagwanso kamodzi, Lamlungu lina, koma pa makina sanadumphenso tsiku. Masiku awiri otayika aja anawawonjezera kumapeto, ndipo anamaliza. Chigoba chija anesi anamupatsa kuti apite nacho, ndipo chili pamwamba pa kabati pamene ndinkabisa mabanzi.

Ndiyenera kunena zoona zonse, chifukwa umboni wosakaniza ndi bodza si nsembe yolandirika. Chakudya chija sichinachotse chotupa. Anachotsa ndi manja a madokotala ndi makina, Mulungu akuwatsogolera. Chakudyacho chinangogwira mwana kuti akhale bata pamene ntchito inkachitika, ndipo si ana onse amene chimawathandiza. Chonde musachiyambe nokha kunyumba chifukwa mwawerenga zanga, ndiponso musasiye mankhwala a kuchipatala. Ife ankatiyeza magazi kawirikawiri, ndipo ngakhale posiya chakudyacho, patapita zaka ziwiri, tinasiya pang'onopang'ono a Namukolo akutiyang'anira. Ndiyeneranso kunena kuti pa benchi ija tinkakhala amayi ambiri, ndipo ena amene ankapemphera koposa ine anabwerera kwawo ndi bulangete lokha. Sindikudziwa chifukwa chake. Pamenepo ndimavula nsapato n'kukhala chete.

Mapalo tsopano ndi namwali wamng'ono. Diso lija silinawongoke bwinobwino, masamu amamutengera nthawi, ndipo pali malo kumbuyo kwa mutu pamene tsitsi silinamerenso. Timapitabe kukajambulitsa, ndipo ulendo uliwonse mtima wanga umakhala m'manja mpaka dokotala atanena kuti palibe chasuntha. Nsima amadya. Loweruka timapita limodzi kumsika, ndipo tikafika pa mbaula ija bana Mulenga amasankha chitumbuwa chachikulu koposa vonse n'kuchikulunga m'pepala. Koma mpaka lero sachipereka msanga. Amachigwira m'mwamba, amandiyang'ana ine kaye, n'kufunsa, "Nimupase?" Ndikagwedeza mutu m'pamene amatambasula dzanja.

Inu amene muli ndi envelopu pansi pa matiresi, amene mukuyeza chakudya cha mwana ndi misozi, amene anthu akukunenani chifukwa sakudziwa, musaleke. Tulutsani chithunzicho muchikweze pawindo. Mwina amene mukumuyesa mdani ndiye watumidwa ndi mkate wanu.

Mulungu amene anagoneka mwana wanga phee pansi pa makina akhazike bata m'nyumba zanu. Atsogolere manja a onse amene akugwira odwala anu. Akupatseni kulimba mtima kotchula dzina la chimene mukuchiopa, ndi anthu oti achinyamule nanu. Pamene mwapempha molakwa, akuyankheni monga mwa chifundo chake osati monga mwa mawu anu. Beseni lanu lisaonetse pansi pake, ndipo ana anu akapempha, pakhale dzanja lowapatsa. Amen.